Funsani za Umoyo: Mutu Waching'alang'ala Ukundilepheretsa Malonda

Funso: Ndine mayi wa zaka 34 ndipo ndimagulitsa salaula pamsika wa Kapata kuno ku Chipata. Kuyambira ndili namwali mutu umandipweteka mbali imodzi, kuseri kwa diso lakumanzere, ndipo umagunda ngati ng'oma. Usanayambe ndimaona timizere tong'anima tokhotakhota, moti sinditha kuwerenga ndalama zimene wogula wandipatsa, kenako ndimasanza n'kugona masiku awiri m'chipinda chamdima. Kale unkabwera kamodzi pamwezi ndikatsala pang'ono kusamba, koma tsopano ndikumwa Panado kapena Brufen pafupifupi tsiku lililonse ndipo mutu sukuleka. Kukiliniki anandiyeza malungo kawiri osawapeza. Ndimamwanso mapiritsi olera. Apongozi akufuna kunditengera kokatema mphini. Kodi ndili ndi chotupa m'mutu?
Mayi wa ku Kapata, Chipata

Yankho: Mayi, munthu sapimidwa kudzera m'kalata, komabe zimene mwalongosolazi zikufanana kwambiri ndi mutu waching'alang'ala, umene kuchipatala amautchula kuti migraine. Mutu umene wakhala ukubwera n'kupita mwa njira yomweyomweyo kwa zaka pafupifupi 20, n'kumakusiyani muli bwino pakati pake, nthawi zambiri sukhala wa chotupa, choncho mtima ukhale m'malo. Matendawa amagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 7 alionse padziko lapansi, akazi amavutika nawo kuwirikiza katatu kuposa amuna, ndipo amayenda m'magazi, moti mukafunsa kwanu mwina mupeza kuti amayi anu kapena azakhali ankamanganso kansalu kumutu n'kukabisala m'nyumba. Gwero lake ndi ubongo umene umadzidzimuka msanga zinthu zikasintha. Ukadzidzimuka, mtsempha waukulu wonyamula uthenga wa ululu kuchokera kunkhope ndi ku zikuto za ubongo umayamba kukuwa, ndipo kuwala, phokoso ndi fungo zimasanduka zowawa. Mutuwo ukapanda kuchizidwa umatenga maola 4 mpaka 72. Kubwera kwake nthawi ya msambo n'chifukwa chakuti homoni ya estrogen imatsika m'thupi masiku amenewo.

M'kalata yanu muli mfundo ziwiri zimene zandidetsa nkhawa kuposa chotupa chimene mukuopacho, ndipo yoyamba ndi ya mapiritsi olera. Timizere tong'anima mukutionato madokotala amatitchula kuti aura. Timaoneka kwa munthu mmodzi mwa odwala atatu kapena anayi, ndipo timatha pakati pa mphindi 5 ndi 60. Mayi amene mutu wake umayamba ndi aura sayenera kumwa mapiritsi olera okhala ndi estrogen, chifukwa ziwirizi zikaphatikizana zimakweza chiopsezo cha sitiroko, makamaka ngati mayiyo amasutanso fodya kapena ali ndi BP yokwera. Malangizo a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO pa njira zolera amaletsa zimenezi mosapita m'mbali. Ndikukupemphani kuti sabata lomwe lino mutenge paketi ya mapiritsi anuwo, mupite nayo kwa anamwino a zakulera, ndipo muwauze momveka bwino za timizereto, popeza amayi ambiri amangonena kuti mutu umawapweteka, zakuthwanima m'maso osazitchula. Njira zopanda estrogen zilipo, monga lupu, kapamkono, jakisoni ndi mapiritsi a homoni imodzi, ndipo anamwino adzakuthandizani kusankha yokuyenerani kuti musakhale opanda chitetezo.

Mfundo yachiwiri ndi ya mankhwala amene mukumwa tsiku ndi tsiku. N'zomveka kuti munthu amene malonda akumudikira amathamangira pakantemba kukagula Panado, koma mankhwala opha ululu akamwedwa masiku 15 kapena kuposerapo pamwezi, kwa miyezi yoposa itatu, amayamba kubala mutu wawo wina. Kwa mankhwala osakaniza ndi codeine kapena caffeine, komanso a mtundu wa sumatriptan, malirewo ndi masiku 10 okha. Ndikuganiza kuti apa m'pamene mutu wanu wa kamodzi pamwezi unasandukira wa tsiku lililonse. Njira yake ndi kuwasiya motsogoleredwa ndi dokotala, ndipo ndikuuzirenitu kuti sabata loyamba kapena awiri mutu umakula usanayambe kuchepa, choncho mukonzeretu wokugwirirani pamsika masiku amenewo. Dokotala angakupatseni mankhwala oteteza, omwedwa tsiku lililonse ngakhale mutu usakupweteka. Amitriptyline ndi propranolol ndi akalekale ndiponso osakwera mtengo, koma amafuna kuleza mtima chifukwa phindu lake limaoneka pakapita milungu 6 mpaka 8, nthawi zina miyezi itatu. Propranolol sayenera munthu wa mphumu, ndipo mankhwala ena oteteza otchedwa sodium valproate sayenera mayi amene angathe kuima, popeza amavulaza mwana m'mimba.

Mutu ukabwerera m'chimake n'kumabwera mwa apo ndi apo, mankhwala opha ululu amagwira bwino akamwedwa ululu ukangoyamba, pa mlingo wokwanira, osati mutapirira mpaka kusanza. Mseru ukakula, dokotala angaonjezepo metoclopramide, amene amathandizanso kuti mankhwala enawo alowe msanga m'thupi. Brufen ndi aspirin muziwapewa ngati muli ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso kapena muli oyembekezera.

Gulani kakope kakang'ono ndipo muzilembamo tsiku limene mutu wabwera, nthawi imene munadya, mmene munagonera, masiku a msambo ndi mankhwala amene mwamwa. Pakatha miyezi iwiri kakopeko kadzakuuzani zambiri. Ndimawadziwa amayi apamsika: amadzuka kusanache, amangomwa tiyi, nsima amadzaidya dzuwa litapendeka, ndipo ena amadzimana madzi dala kuopa kusiya malonda popita kokataya madzi. Mukaonjezapo dzuwa la mu Okutobala, utsi wa mbaula ndi fungo lamphamvu limene limatuluka belo likangotsegulidwa, zoputa mutu zakwana. Tengani botolo la madzi ndi kambatata kapena nsawawa zoti mudye mmamawa, khalani pamthunzi, ndipo muzigona ndi kudzuka nthawi yofanana ngakhale Lamlungu.

Apongozi anu akufuna mphini chifukwa akukumverani chisoni, ndipo muwayankhe mwaulemu. Koma lumo limangodula khungu, silifika kumene kuli vutoli, ndipo lumo logwiritsidwa ntchito pa anthu angapo lingapatsire HIV kapena matenda a chiwindi a hepatitis B. Ngati akufuna kuthandiza, akunyowetsereni kansalu m'madzi ozizira n'kukuikani pachipumi, ndiponso aletse ana phokoso mukagona.

Pali mutu wina umene sufuna kudikira kuti kuche. Mutu wobwera mwadzidzidzi ngati mphezi, woposa wina uliwonse umene munaumvapo. Mutu wotsagana ndi kutentha thupi ndi kuuma khosi. Kufooka kwa mkono kapena mwendo, kupindika kamwa, kulankhula mosamveka, kukomoka kapena kusokonezeka maganizo. Timizere tosatha pakapita ola. Mutu wobwera mutamenyetsa mutu penapake. Zonsezi n'zothamangira nazo ku Chipata Central Hospital nthawi yomweyo. N'chimodzimodzinso mutu waukulu kwa mayi woyembekezera, kwa munthu amene ali ndi HIV, kapena woyamba kumene munthu atapitirira zaka 50.

Funso: Mwana wanga wamwamuna wa zaka 11 amabwera kusukulu akudandaula mutu pachipumi, amasanza, koma akagona maola awiri amadzuka n'kupita kosewera mpira. Amayi ake ali ndi mutu waching'alang'ala. Ena akuti ndi ulesi chabe. Kodi mwana angadwale matenda amenewa?
Bambo wa ku Katete

Yankho: Inde bambo, angadwale, ndipo chonde mukhulupirireni mwanayo. Mwa ana, mutu umenewu kawirikawiri umagwira mbali zonse ziwiri za chipumi, umakhala waufupi kusiyana ndi wa akuluakulu, ndipo tulo timauthetsa, n'chifukwa chake anthu amaganiza kuti mwana akunama akamuona akusewera madzulo. Ana asanakule msinkhu, anyamata amadwala mofanana ndi atsikana. Onetsetsani kuti akudya phala kapena chimene chilipo asananyamuke, makamaka ngati sukulu ili patali, ndipo azitenga madzi akumwa. Musamupatse aspirin, chifukwa ndi woopsa kwa ana osakwana zaka 16. Panado woyezedwa molingana ndi kulemera kwake ndiye woyenera. Pitani naye kukiliniki kuti amupime ndiponso amuyeze maso, ndipo thupi likatentha ayezedwe malungo tsiku lomwelo. Koma mutu ukayamba kumudzutsa usiku, akamasanza mmamawa asanadye, akamadzandira poyenda kapena kuona zinthu ziwiriziwiri, musazengereze, pitani naye ku St Francis' Hospital komweko ku Katete.