Arctic Monkeys: yambirani ku Sheffield, kumwezi mupita bwino lake

Achimwene, mwafunsa kuti anyamata oimba “505” ndi “I Wanna Be Yours”, nyimbo zomwe zakusowetsani mtendere pa TikTok, ndi ndani kwenikweni, komanso kuti bwanji chimbale chawo cha The Car mutachitsegula mwangopezamo piyano ndi mavayolini ngati mwasochera pakhomo. Simunasochere ayi, gulu ndi lomwelo. Khalani pansi, poti ine ndakhala kuno ku South Yorkshire, ku England, kwa zaka zingapo ndipo anyamata amenewa kuno amatengedwa ngati ana a pakhomo.

Arctic Monkeys inayamba mu 2002 ku High Green, dera la kumpoto kwa mzinda wa Sheffield. Anali anyamata a zaka 16 kapena 17, okulira limodzi: Alex Turner woimba ndi kuliza gitala, Jamie Cook pa gitala, Matt Helders pa ng'oma, ndi Andy Nicholson pa besi. Nicholson anachoka mu 2006, m'malo mwake munalowa Nick O'Malley, ndipo anayi amenewa sanasiyanenso mpaka lero. Koyamba kuimba pagulu kunali mu June 2003, m'kabala kotchedwa The Grapes pakati pa tauni.

Mmene anatchukira ndi nkhani payokha. Ankajambula nyimbo zawo motchipa, n'kuziika pa ma CD, n'kumagawira anthu ulere akamaliza kuimba. Olandira aja ndi amene anaziponya pa intaneti n'kumapatsirana. Ngakhale tsamba lawo la pa MySpace, malo a mchezo a pa intaneti otchuka nthawi imeneyo, sanatsegule ndi eni ake, anatsegula ndi owakonda. Ndiye zinkachitika n'zakuti anyamata afika m'tauni yomwe sanapondemo, chimbale alibe, pa wailesi sanamvekepo, koma holo yonse ikuimba nawo mawu onse. Makampani akuluakulu anawathamangira, iwo n'kusankha Domino, kampani yaing'ono yoima payokha ya ku London, mu 2005. Paja mawu akuti indie amachokera pamenepo, pa kusakhala m'manja mwa makampani akuluakulu. Mpaka pano akadali ku Domino komweko.

Nyimbo yawo ya “I Bet You Look Good on the Dancefloor” inangofikira pa nambala 1 ku Britain mu October 2005. Mu January 2006 chimbale choyamba, Whatever People Say I Am, That's What I'm Not, chinagulidwa makope opitirira 360,000 sabata yoyamba yokha. Panthawiyo panalibe woimba wina ku Britain amene chimbale chake choyamba chinayendapo malonda mwaliwiro chotere. Chaka chomwecho chinatenganso Mercury Prize, mphoto ya chimbale chopambana pa chaka ku Britain ndi Ireland. Turner anali atangokwanitsa zaka 20.

Apa ndiye pomwe ndikufuna muyambire. Chimbale chimenechi ndi usiku wa Loweruka wa ku Sheffield basi: mzere wa pakhomo la kalabu, alonda amatama akubweza anyamata, kulimbirana takisi usiku kukuzizira, apolisi, chibwenzi chokwiya popanda chifukwa. Turner sanayese kuimba ngati Mmereka monga ankachitira ambiri, anangoimba mmene amalankhulira kwawo. Ine izi ndinazimvetsa ndili pantchito ya usiku mosungira katundu. Tsiku lina ndinafika nditatupa, osalankhula ndi munthu, mayi wina wachikulire amene tinkapakira naye makatoni n'kundiyang'ana n'kunena kuti ndasanduka “mardy”. Ndinaganiza kuti anditukwana. Anaseka mpaka kugwira tebulo, kenako anatulutsa foni n'kundiikira “Mardy Bum”. Kumeneku mardy ndi munthu wonyanyala, wongotupa tsaya ngati mwana woti amumana chitumbuwa. Mawu amenewa ku London sumawamva kawirikawiri, koma anyamatawa anawaimbitsa dziko lonse. Mvetseraninso ng'oma za Helders mu “The View from the Afternoon”; mnyamatayo amamenya ngati akuthamangitsidwa, koma osaphonya.

“505” yanuyo ndi nyimbo yotsekera chimbale chachiwiri, Favourite Worst Nightmare, cha 2007. Onani zaka zimene inakhala isanafike pa foni yanu! Imayamba ndi ogani chapansipansi, n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka kuphulika chakumapeto, ndipo gitala ina mmenemo analiza ndi Miles Kane, mnzake wa Turner amene anapanga naye gulu lina la The Last Shadow Puppets. Mu 2007 momwemo Arctic Monkeys inakhala gulu lalikulu lotsekera usiku ku Glastonbury, chikondwerero chachikulu cha nyimbo ku England.

Kuchokera apo ndiye khalidwe lawo lenileni linaonekera: chinthu chikangowayendera bwino, amachisiya. Chakumapeto kwa 2008 anapita kuchipululu cha California, ku Joshua Tree, kukajambula mbali ya chimbale chachitatu, Humbug, chomwe chinatuluka mu 2009, ndi Josh Homme wa gulu la Queens of the Stone Age. Anabwerako tsitsi litatalika, nyimbo zitalemera, liwiro litachepa. Anthu anadandaula kuti ana athu atilanda. Lero omwewo ndi amene amati “Cornerstone” ndi “Crying Lightning” ndi zina mwa nyimbo zawo zabwino kwambiri. Suck It and See ya 2011 sindichedwapo, ndi chimbale chofewa, chokoma, koma sichinditenga mtima. Mu 2012 anaimba pa mwambo wotsegulira masewera a Olympics ku London.

Kenako AM, mu September 2013. Ichi ndiye chinawatsegulira America ndi dziko lonse. Anatenga magitala olemera a zaka za m'ma 1970 n'kuwakhazika pa kagundidwe kodekha konga ka hip hop, Helders ndi O'Malley n'kumavomera ndi timawu tating'ono kumbuyo. “Do I Wanna Know?” ndi “R U Mine?” zili mmenemo. “I Wanna Be Yours” nayo ili mmenemo, koma dziwani kuti mawu ake ambiri si a Turner. Ndi ndakatulo ya John Cooper Clarke, mlakatuli wa ku Salford, imene Turner anaidziwira kusukulu.

Munthu wina akanangophika AM yachiwiri n'kumadya ndalama. Iwo anakhala zii pafupifupi zaka 5. Turner analandira piyano ngati mphatso atakwanitsa zaka 30, n'kuyamba kupekera nyimbo pamenepo m'malo mwa gitala. Zotsatira zake ndi Tranquility Base Hotel & Casino ya 2018, chimbale chonena za hotela yongopeka ya kumwezi, chopanda makolasi oti bwalo lonse livomere. Kunena zoona, ulendo woyamba ndinachizimitsa chisanafike pakati. Chinadzandilowa patapita miyezi, ndili m'basi m'bandakucha pochokera kuntchito, mvula ikuwaza pagalasi, “Four Out of Five” ikulira m'makutu. Si chimbale chovinira, chimafuna munthu wotopa amene sakuthamangira kulikonse.

The Car ya October 2022, imene yakudabwitsaniyo, inangopitiriza njira yomweyo n'kuwonjezera mavayolini. Zimbale 6 zoyamba zonse zinafika pa nambala 1 ku Britain, koma ichi chinathera pa nambala 2, poti chinatuluka tsiku limodzi ndi Midnights ya Taylor Swift. Ine maganizo anga ndi akuti “There'd Better Be a Mirrorball” ndi “Body Paint” ndi nyimbo zapamwamba, koma pakati pa chimbalecho pamagonetsa, ndipo nthawi zina Turner amazungulira ndi mawu mpaka kumusowa kumene akulowera. Anzanga a kuno ena amati mwana wa ku High Green anatayika ku Los Angeles. Ena amati bambo wa zaka pafupifupi 40 sangamaimbebe za kukanizidwa pakhomo la kalabu. Ine ndimatsamira kwa achiwiriwa, ngakhale m'galimoto ndimaikabe choyamba chija.

Ndiye chitani chonchi: choyamba chija chimveni chonse osadumpha nyimbo, kenako Favourite Worst Nightmare, kenako AM. Humbug ibwere pambuyo pake. Zakumwezi zija muzisunge kaye. Mukafuna kuona zonse zitasakanikirana, sakani vidiyo ya Glastonbury 2023, ulendo wawo wachitatu kutsekera usiku kumeneko, patangopita masiku ochepa atalephera kukaimba ku Dublin chifukwa Turner anadwala pakhosi. Muona Turner wavala suti akukoka mawu mwaulesi, pomwe khamu la anthu lamusiya m'mbuyo, likuthamanga ndi “Mardy Bum” mmene linaizolowera mu 2006.