Funsani Aphunzitsi: Magulu awiri a periodic table amene amaoneka ngati akutsutsana

FUNSO: Aphunzitsi, ndine wophunzira wa Fomu 3 pasukulu ina yoyendera ku Dedza. Pa phunziro la Chemistry tinauzidwa kuti m'gulu loyamba la periodic table ukali wa ma elementi umakula tikamatsika m'munsi, pamene m'gulu la ma halogen ukaliwo umachepa tikamatsika. Ine ndimangoloweza, ndipo pa mayeso ndimasokoneza. Kodi pali chifukwa chake chenicheni?

YANKHO: Mwana wanga, chifukwa chilipo, ndipo n'chimodzi chomwecho chimene chikugwira ntchito m'magulu onse awiri. Zimandidandaulitsa kuona ophunzira akuloweza mfundo ziwirizi ngati zosiyana, chifukwa amene wamvetsa gwero lake sangazisokonezenso ngakhale funso litabwera mozungulira.

Ma elementi amene akudziwika lero alipo 118, ndipo pa tchati chowasanja chotchedwa periodic table anaikidwa m'magulu 18 otsika kuchokera pamwamba kupita pansi. Atomu iliyonse ili ndi nyukiliyasi pakati, ndipo ma elekitironi amakhala m'zigawo zoizungulira. Chimene chimaika ma elementi amene wafunsawa m'gulu limodzi ndi chiwerengero cha ma elekitironi a m'chigawo chakunja. Ma elekitironi a lithium amagawidwa 2,1, a sodium 2,8,1 ndipo a potassium 2,8,8,1, kotero onse atatu, amene ali m'gulu loyamba, ali ndi elekitironi imodzi kunja. Fluorine ali ndi 2,7 ndipo klorini ali ndi 2,8,7. Amenewa ndi a m'gulu la ma halogen, limene mabuku ena amalitcha Gulu VII pamene ena amati Gulu 17.

Zitsulo za m'gulu loyamba zimakhazikika zikataya elekitironi imodzi yakunjayo, choncho ukali wake, kutanthauza kufulumira kwake pophatikizana ndi zinthu zina, umadalira kuphweka kwa kuitaya. Tikamatsika m'gulumo zigawo zimawonjezeka, atomu imakula, ndipo elekitironi yakunja imatalikira nyukiliyasi imene imaikoka, kwinaku ma elekitironi a m'zigawo zamkati akuitchinga. Zili ngati mwanapiye amene watalikira make, yemwe kabawi amamutola mosavutikira. N'chifukwa chake kachidutswa ka lithium kakaponyedwa m'madzi kamangotulutsa mpweya wa hydrogen pang'onopang'ono, ka sodium kamasungunuka n'kumathamanga pamwamba pa madziwo, ka potassium kamayaka moto wooneka wapepo (lilac) pomwepo, ndipo caesium amaphulika. Pa chifukwa chomwechi, sodium ndi potassium amasungidwa m'mafuta mu labotale kuti asakhudzane ndi mpweya kapena chinyezi. Zitsulozi n'zofewa moti mpeni umazidula, ndipo zimasungunuka msanga tikamatsika: lithium pa madigiri pafupifupi 181, sodium pa 98, potassium pa 63, ndipo caesium kutentha kosafika madigiri 30 kumamukwanira.

Ma halogen vuto lawo ndi lina. Iwo akusowa elekitironi imodzi kuti chigawo chakunja chidzaze, ndiye ayenera kuikoka kuchokera ku atomu ina. Atomu yaing'ono ngati ya fluorine imakoka mwamphamvu chifukwa chigawo chake chakunja chili pafupi ndi nyukiliyasi, ndipo fluorine amaphatikizana ndi pafupifupi elementi iliyonse. Atomu ya ayodini, amene ali m'munsi m'gululi, ndi yaikulu, ndipo mphamvu yake yokoka imafika kunja itachepa. Choncho kukula kwa atomu, kumene kumathandiza potassium kutaya elekitironi, n'komwenso kumalepheretsa ayodini kuilandira msanga. Umboni wake ungauone mu labotale: madzi a klorini akathiridwa mu potassium iodide wosungunula, zonse zimasanduka zabulauni chifukwa klorini walanda malo a ayodini, koma ayodini sangachotse klorini mu potassium chloride. Maonekedwe awonso amasintha motsatana, pakuti fluorine ndi klorini ndi mipweya, bromine ndi wamadzimadzi, ndipo ayodini ndi wolimba.

Chimene chimandichititsa chidwi kwambiri n'chakuti Dmitri Mendeleev wa ku Russia, amene anasanja ma elementi mu 1869, sankadziwa za ma elekitironi, popeza J.J. Thomson anawatulukira mu 1897. Iye anangoyang'ana kulemera kwa ma atomu ndi kufanana kwa makhalidwe a ma elementi, nasiya mipata ya amene anali asanadziwike, n'kuneneratu mmene adzakhalire. Gallium atapezeka mu 1875 ndi germanium mu 1886, makhalidwe awo anafanana kwambiri ndi zimene ananena. Ukamalemba mayeso, uziyamba wadzifunsa ngati elementiyo ikufuna kutaya kapena kulandira elekitironi, kenaka uone kukula kwa atomu yake.

FUNSO: Ndine mayi wa ku Mchinji. Mwana wanga akuti mchere umene timadya unapangidwa ndi sodium, amene amayaka m'madzi, komanso klorini, amene ndi poizoni. Kodi ndi zoona, ndipo kodi tili pachiopsezo?

YANKHO: Mayi, mwana wanu wanena zoona, koma musade nkhawa. Sodium akapereka elekitironi yake imodzi ija kwa klorini, onse awiri amakhala ndi chigawo chakunja chodzaza, ngati mmene zilili ndi neon ndi argon a m'Gulu 18 amene saphatikizana wamba ndi zinthu zina. Ukali wa sodium ndi klorini umathera pa kupatsana kumeneko, ndipo chotsatira chake, sodium chloride, ndi chinthu chatsopano chokhala ndi makhalidwe akeake. Choopsa pa mchere ndi kuuchulutsa m'ndiwo, chifukwa umakweza kuthamanga kwa magazi.

Kukhitchini kwanuko ma elementi a m'magulu amenewa alipo ambiri ndithu. Mchere wa m'sitolo amauwonjezera ayodini pang'ono kuti uteteze matenda a chithokomiro ndi kuthandiza ubongo wa ana kukula bwino, ndipo mankhwala othira m'madzi akumwa, makamaka nthawi ya kolera, amakhala ndi klorini wochepa wokwanira kupha tizilombo. Ndiponso mukamaphika therere, chidulo cha phulusa ndi soda wogula zimagwira ntchito yofanana, chifukwa m'chidulo mumakhala potassium carbonate wambiri pamene soda ndi sodium bicarbonate, ndipo sodium ndi potassium ali moyandikana m'gulu limodzi. Humphry Davy wa ku England, amene anali woyamba kupatula potassium payekha mu 1807 pogwiritsa ntchito mphamvu ya magetsi, anamupeza m'mankhwala ochokera ku phulusa la zomera, ndipo m'chaka chomwecho anapatulanso sodium mwa njira yomweyo.