Mwambo udikire, yambani kaye ndi akaunti ya bungwe

Achemwali, zabwino zonse pa upulezidenti wa bungwe la ophunzira okhoza bwino ku yunivesite, koma zokonzekera mwambo wolandira mamembala atsopano zisiyeni kaye. Sabata ino yomweyi mufunse komiti yomwe ikutuluka kuti akaunti ya bungwe amasayinira ndani ndipo muli ndalama zingati. Asakuuzeni pakamwa, akupatseni sitetimenti ya ku banki. Mabungwe a ophunzira okhoza bwinowa nzeru sizisowa, chimene chimawagwetsa ndi ndalama ndi mapepala.

Zisankho zimachitika chaka cha maphunziro chikupita kumapeto. Ambiri otuluka m'komiti ndi a chaka chomaliza, mitu ili pa mayeso, ndiye amangoti tikusiyirani zonse tikamaliza kulemba. Akamaliza aliyense wakwera basi, wina ku Karonga, wina ku Nsanje, wina wasintha nambala. Inu semesita yatsopano ikayamba mukutolera ndalama za umembala n'kumakaika ku akaunti muja, ndipo zikulowa bwinobwino chifukwa poika ndalama banki siifunsa siginecha za osayinira akaunti. Nkhani imadzavuta potapa.

Ndipo imavuta pa tsiku loipitsitsa. Holo mwabukitsa, makadi mwagawa, mlendo wolemekezeka wavomera, makolo ena anyamuka m'mamawa kudzaona mwana wawo akulandira satifiketi. Ophika munawapatsa theka, akuti lotsalalo alandire asanatsitse mapoto m'galimoto. Wosindikiza masatifiketi naye wawagwira mpaka mumalize kulipira. Msungichuma wathamangira ku banki ndi cheke, akumubweza kuti siginecha zomwe zili pamenepo sazidziwa, zomwe ali nazo ndi za anthu amene anamaliza sukulu. Mukuimbira msungichuma wakale, foni yothimitsa. Mukuimbira pulezidenti wakale, akuti ali ku intavyu ku Lilongwe, mumutumizire thiransipoti. Pamenepo nthawi yoyamba mwambo yakwana, a zokuzira mawu akufunsa zawo, mamembala avala masuti akhala m'holo, ndipo onse akuyang'ana inu, osati komiti yakale ija. Pamathero pake a m'komiti amasonkherana ndalama zawo zodyera, wina n'kukatenga katapira, ndipo mawa lake pa gulu la WhatsApp mwalembedwa kale kuti apulezidenti adya ndalama. Dzina limenelo silichoka msanga, ngakhale ndalama zonse zili phee ku banki.

Anthu otuluka m'komiti osasiya zinthu m'manja mwa anzawo amandikwiyitsa kwambiri. Udindo anaufuna okha, pa CV anaulemba, pa zithunzi anaima kutsogolo, koma kupatula tsiku limodzi kuti apite ku banki ndi amene akuwalowa m'malo, ayi. Ena amapita ndi buku la malisiti, chidindo, ngakhale password ya imelo ya bungwe. Ukawafunsa amakuyankha ngati ukuwapempha chithandizo. Ndi kudzikonda basi.

Kusintha osayinira kumafuna mapepala, ndiye muwasonkhanitse anthuwo asanachoke pa sukulu: maminitsi a msonkhano wa zisankho osayinidwa ndi wapampando ndi mlembi, malamulo oyendetsera bungwe, kalata yochokera kwa patron (mphunzitsi woyang'anira bungwe) kapena ku ofesi ya Dean of Students yotsimikiza komiti yatsopano, ndi ziphaso za unzika za osayinira atsopano. Banki iliyonse ili ndi mafomu ake, kafunseni ku nthambi yomwe akaunti inatsegulidwira. Osayinira akhale atatu, awiri mwa iwo ndiwo azisayina cheke chilichonse, ndipo mmodzi akhale patron poti iye samaliza sukulu chaka chamawa. Zikatheka, katapeni kandalama kochepa kungoyesa ngati zasinthadi. Musadikire tsiku la mwambo kuti mudziwe.

Za Airtel Money ndi Mpamba, ndalama za bungwe zisamalowe pa nambala yomwe msungichuma amagulira mayunitsi ndi ndiwo. Sikuti ndi wakuba, koma zikasakanikirana iye mwini sangathe kusiyanitsa. Aliyense wolipira alandire lisiti ya nambala, ndalama zizipita ku banki sabata iliyonse, ndipo pakutha pa mwezi msungichuma aziika pa gulu zomwe zalowa ndi zomwe zatuluka.

Bajeti muipange ndi anthu amene alipira kale, osati amene alonjeza. Tiyerekeze kuti oyenera kulowa alipo 80, alipira 45, ndiye chakudya muitanitse cha 45 kuphatikiza alendo amene mwawaitana, basi. Tsiku lotseka kulipira likhale masabata awiri mwambo usanafike. Kotesheni iliyonse ikhale yolembedwa, yonena tsiku lomwe mtengowo uthere. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yomwe anthu anagwirizana pakamwa inasanduka nthano. Siyani gawo limodzi mwa magawo khumi a bajeti osaligwiritsa ntchito.

China chomwe chimayambanitsa anthu ndi mndandanda wa oyenera kulowa. Mabungwe amtunduwu anayambira ku America, loyamba linali Phi Beta Kappa mu 1776, ndipo Golden Key yomwe inayamba mu 1977 ku Georgia State University, imene abale athu ophunzira ku South Africa amaidziwa, imaitana amene ali mu 15 peresenti ya pamwamba. Mzere wotero umathandiza chifukwa ndi wolembedwa. Wanu ulembedwenso m'malamulo: GPA (avereji ya malikisi) yoyambira pati, ya chaka chatha chokha kapena ya zaka zonse, nanga amene analembapo sapu (mayeso obwereza akalephera) mukumuwerenga bwanji. Muganizirenso zodula mzere pa pulogalamu iliyonse payokha, chifukwa malikisi a ku engineering ndi a ku maphunziro ena sapatsidwa mofanana, ndipo mukaika mzere umodzi bungwe lidzadzaza ndi anthu a fakote imodzi. Mayina achokere ku ofesi ya Registrar kudzera kwa patron. Musalole anthu kumatumiza zithunzi za zotsatira zawo pa gulu, malikisi a munthu ndi chinsinsi chake, komanso chithunzi chimasinthika. Mnzanu akaperewera pang'ono pokha n'kubwera kudzakupemphani, yankho ndi ayi. Mukalola mmodzi, ena onse amene anaperewera adzamva tsiku lomwelo.

Mamembala ambiri adzangotenga satifiketi osaonekanso. Musawathamangitse, ingoikani lamulo loti kalata yaumboni ya bungwe imapita kwa amene wagwirako ntchito, kaya kuphunzitsa a chaka choyamba mayeso akayandikira, kaya kupita ku CDSS yapafupi kukathandiza a Fomu 4. Ntchito ziwiri pa semesita zakwana. Inunso muli ndi GPA yoti muisamale, ndipo malamulo ambiri salekerera pulezidenti amene watsika pansi pa mzere.

Komabe musachite kunyanya n'kuyamba kugwira chilichonse nokha chifukwa cha zomwe ndanenazi. Mutu umodzi susenza denga. Msungichuma wanu mukhulupirireni, musamamufunse malisiti pamaso pa anthu ngati wapalamula, ndipo cheke buku asunge iyeyo osati inu. Komiti yakale ija musakangane nayo pa gulu ngakhale ikuchedwetseni, alankhuleni mwaulemu, mwinanso muwaitane ku mwambo, poti siginecha zawo mukuzifunabe. Ndipo ngati za ku banki sizinatheke pofika masabata atatu mwambo usanachitike, usunthireni mtsogolo, kapena muchitire m'kalasi masana ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi zokha, masatifiketi mugawe pomwepo.