Za mwana wotsekeka mphuno m'nyengo ino ya fumbi ndi mafani

Achemwali mwafunsa za khanda lanu la miyezi 4 lomwe likumagona kukamwa kuli yasa, mphuno ikulira fwii fwii usiku wonse, likayamwa pang'ono n'kusiya bere kuyamba kulira koma thupi osatentha, komanso za mkulu wake wa zaka 5 yemwe akumadzuka ndi kamfuno. Ndaona ena akuuzani kuti mukagule Amoxyl kapena Bactrim. Chonde musatero. Mankhwala amenewo ndi opha mabakiteriya, sanyowetsa mphuno youma, ndipo ngakhale chimfine chenicheni sachiza. Ana awiri m'chipinda chimodzi, onse vuto lili m'mphuno, popanda wotentha thupi: ine ndingayambe ndakayikira mpweya wa m'chipindamo.

Anthu amadabwa kuti mpweya ungaume bwanji kuno ku Mangochi, Shire ali pakhomo, nyanja ili apa. Koma mvula inatisiya kalekale, ndipo kuyambira Seputembala mpaka Novembala malata amakhala atawotchedwa tsiku lonse. Tikamagona timatseka mawindo kuopa udzudzu ndi akuba, n'kuyatsa fani kuilozetsa pabedi penipeni. Mphepo imeneyo ikamaomba pankhope pa mwana mpaka m'mawa, m'mphuno mumauma ngati usipa wa pathandala. Amene muli ndi AC, makina oziziritsa m'nyumba aja, ndiye zimanyanya, chifukwa makinawo amachita kuchotsa chinyontho mumpweya, madzi amadontha kunja kwa khoma aja ndi omwewo. Onjezanipo fumbi la m'misewu yathuyi ndi utsi wa koyilo ya udzudzu.

M'kati mwa mphuno muli kakhungu kofewa kamene kamayenera kukhala konyowa nthawi zonse. Kakauma, mamina amalimba n'kumata, kakhunguko kamatupa pang'ono. Munthu wamkulu amangopumira kukamwa. Khanda m'miyezi yoyambirira limadalira kwambiri mphuno popuma, ndipo timabowo take ndi tating'ono zedi, moti kachidutswa kamodzi ka mamina ouma kamakwanira kulilepheretsa kuyamwa. N'chifukwa chake likumagwira bere ndi njala, kukoka kawiri katatu, n'kulisiya kuti lipume. Si kuti mkaka wanu wachepa kapena wawonongeka, ndipo musalole munthu akuuzeni kuti muyambe kumupatsa madzi kapena phala. Mpaka miyezi 6 bere lokha ndi lokwanira, ingomuyamwitsani pafupipafupi.

Chimene chimathandiza msanga ndi madzi amchere a m'mphuno, ku famase mukangonena kuti saline drops akupatsani. Ndi madzi oyera okhala ndi mchere wa 0.9 peresenti basi, mulibe mankhwala ena. Mugonekeni chagada pamiyendo panu, mudonthetse dontho limodzi kapena awiri m'bowo lililonse, mudikire kamphindi. Adzakwinya nkhope, mwina kuyetsemula, ndipo mudzaona kachidutswa kolimba katafewa n'kutulukira pakhomo pa mphuno. Pukutani ndi ngodya ya kansalu koyera konyowa. Chitani zimenezi asanayamwe ndiponso asanagone. Osamalowetsa chikhadabo, kamtengo ka machesi kapena timitengo ta thonje tija m'katimo, mumangokankhira zinthu patali ndi kuchekula kakhungu. Botolo la khanda lisakhalenso la mkulu wake.

Za m'chipinda ndizo zofunika kuposa botololo. Fani ilozetseni kukhoma kapena kudenga, mpweya uzingozungulira. Madzulo kolopani ndi nsalu yonyowa m'malo mosesa, tsache limangoulutsa fumbi n'kulibwezera pa neti ndi pa zofunda. Netiyonso muziyikuntha panja, imasunga fumbi lambiri kuposa mmene timaganizira. Nyowetsani chitenje kapena thaulo, finyani, yanikani pachingwe m'chipindamo kutali ndi mawaya a magetsi. Ena amaika beseni la madzi pansi pa bedi. Ine sindilikonda komwe kuli ana oyenda kapena okwawa, mwana amamira m'madzi ochepa kwambiri, komanso madzi okhalitsa ndi nyumba ya udzudzu. Koyilo ichokeretu, mwana agone m'neti. Ndipo Juni ndi Julayi ukadzafika, mwera ukamadzaomba, mbaula ya makala isadzalowe m'chipinda chotseka. Imeneyo nkhani yake si ya mphuno chabe, mpweya wa makala umapha anthu ali m'tulo.

Agogo ake akabwera ndi Vicks kuti amupake pamphuno, akanizeni mwaulemu. Mafuta onunkhira aja si a mwana wosakwana zaka 2. Kumufukiza ndi madzi otentha atafunditsidwa nsalu n'koopsanso, ana ambiri apsa nako. Madontho otsegula mphuno a akuluakulu ndi mankhwala akumwa a chimfine musamupatse pokhapokha adokotala atanena.

Mkuluyo kamfuno akayamba, musamugoneke chagada kapena kumupendeketsa mutu m'mbuyo monga tinazolowera, magazi amangotsikira kukhosi mpaka kusanza. Akhale tsonga, aweramire kutsogolo pang'ono, mutsine mbali yofewa ya mphuno kwa mphindi 10 osatsegulatsegula kuti muone. Kawirikawiri magaziwo amachokera kutsogolo kwenikweni kwa kakhoma kogawa mphuno, pomwe timitsempha tili pamwamba ndipo chala cha mwana chimafikapo. Muwengeni zikhadabo, azimwa madzi ambiri, ndipo usiku mumupake Vaseline pang'ono pakhomo pa mphuno. Magazi akapitirira mphindi 20, kapena akamabwera pafupipafupi mwana n'kumaoneka woyera m'manja ndi m'maso, akapimidwe magazi.

Tsono mvetsetsani apa, chifukwa mphuno youma ndi chibayo zimayamba mofanana m'makutu mwa mayi. Khanda likagona phee, vulani malaya, yang'anani pamimba, muwerenge kupuma kwake kwa mphindi yathunthu pa wotchi ya foni. Wa miyezi 2 mpaka 11 akafika 50 kapena kuposa, akupuma mofulumira. Wosakwana miyezi 2 malire ake ndi 60, wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 ndi 40. Zikatero, kapena mukaona pansi pa nthiti pakulowa m'kati akamakoka mpweya, akubuula, akukaniratu bere, ali lefu, milomo yasintha mtundu, musadikire tsiku la sikelo, thamangani naye ku chipatala cha boma kapena chimene muli nacho pafupi ngakhale usiku. Thupi likatentha akayezedwe malungo tsiku lomwelo, kuno sitinganene kuti ndi chimfine tisanayezetse.

China choti muonetsetse kwa wa zaka 5 uja: ngati mamina akutuluka bowo limodzi lokha, onunkha, osakanikirana ndi magazi, mwina analowetsamo njere ya chimanga, nyemba kapena mkanda n'kuopa kunena. Musakolowole nokha, kuchipatala ali ndi zida zochotsera. Kakakhala kabatire kozungulira ka mu wotchi kapena m'zidole, mupite naye nthawi yomweyo, kamawotcha m'mphuno m'maola ochepa.