Tifunseni za kudimba: bambo akufuna kupopera chisoso changa

Funso: Alangizi, ine ndimakhala ku Zolozolo mu Mzuzu, nyumba ya lendi koma kuseri kuli kamalo ndithu. Feteleza ndi mankhwala opopera ndinasiya kugula, zadula, ndiye kwangomera chisoso, bonongwe, mwamuna aligone ndi zina zoti dzina sindikuzidziwa. Ine ndimathyola nkumadya koma bambo akunyumba akuti ndi uve umenewu ziitana njoka, akufuna apopere mankhwala opha udzu a Roundup. Nditani? Komanso luni ndinafesa koma sanamere olo mmodzi. Mayi wa ana atatu, Zolozolo.

Yankho: Amama, Roundup yo aletseni kaye mwaulemu, mankhwala amenewo sasankha, amapha chilichonse chobiriwira. Tsiku lina muwatenge bambowo ku msika wa Zigwagwa akaone okha kuti uve akunenawo anthu akuuika pa milu nkumagulitsa ndalama.

Koma nawonso akunena zoona pena. Dimba longosiyidwa ndi tchire basi, ndiye zimenezi zipatseni malo ake ngati mmene mumachitira ndi repu kapena chainizi. Pangani mabedi awiri atatu, thirani manyowa a nkhuku owola bwino osakaniza ndi phulusa pang'ono poti dothi lofiira la kuno ndi lowawasa, kenako bonongwe amene wamera mwachisawawa mumuzule ali wamng'ono mukamuoke pa bedipo madzulo. Awiri kapena atatu onenepa asiyeni akhwime, ngala zikauma mupukusire mu lichero, njere zake ndi tating'ono kwambiri ndiye pofesa muzisakaniza ndi mchenga kuti zisaunjikane malo amodzi. Pakatha masabata atatu kapena anayi mwayamba kuthyola. Wa minga uja zulani, amadyedwa inde koma ndi ana atatu pabwalo simungalimbe naye.

Chisoso chimafuna kutsina nsonga pafupipafupi chisanachite maluwa, chikakula chimawawa komanso njere zake mukuzidziwa mmene zimakakamira pa sokosi ndi yunifomu za ana. Komabe mzere umodzi wa kumpanda usiyeni uchite maluwa, m'mawa dzuwa likatuluka mukaime pomwepo muone njuchi mmene zimadzadzira. Njuchi zomwezo ndi zimene zimanyamula mungu pa maluwa a nkhwani, popanda izo timaungu timangofota nkugwa tili tating'ono anthu nkumati mbewu yake ndi yoipa.

Za njoka, njoka sidya chisoso. Imatsata makoswe ndi pobisala, mulu wa njerwa, malata akale, nkhuni zounjikidwa pakhoma. Zimenezo ndiye chotsani, lambulani kuzungulira nyumba, tinjira ta m'dimba tikhale toyera kuti muziona poponda chifukwa mphiri siyithawa munthu, imangogona phee. Abuluzi, abilimankhwe ndi achule asiyeni, ndi amene akukudyerani mbozi ndi ziwala mwaulere, ndipo kuno ndi chinyezi chathuchi nkhono zimavuta heve. Olo kadzidzi amene anthu amamugenda uja ntchito yake ndi makoswe omwewo, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, ndisayambane ndi apongozi anu.

Luni sanakukaneni. Njere zake zikangochoka kumene mu mtengo zimakhala ngati zagona, zimamera bwino zikasungidwa pouma kwa miyezi ingapo. Komanso sakonda kuzizira, kufesa mu Juni kapena Julayi kuno ku Mzuzu ndi kutaya mbewu, dikirani kuyambe kufunda cha mu Seputembala muzithirira, kapena mvula yoyamba. Osakwirira kwambiri. Denje nayenso ndi wa kotentha, njere zake muziviike kaye mwachangu m'madzi otentha musanafese.

Zimene simukuzidziwa dzinazo musalawe ayi. Zulani chomera chonse ndi maluwa ake omwe mukawaonetse amayi akuluakulu ogulitsa masamba, akuuzani. Mnadzi idyani masamba ophika, tizipatso take tikakhala tobiriwira tili ndi poizoni, ana asatole. Ndipo za m'mbali mwa chimbudzi, m'ngalande, m'mphepete mwa msewu wa M1 kapena m'munda mwa eni mmene mwina apoperamo dzulo, zisiyeni olo zinenepe bwanji. Pophika soda chepetsani, amapha mavitamini, nsinjiro ndi tomato zikwanira. Zikachuluka futsani, mfutso udzakuthandizani mu Okotobala masamba akadula.

Funso: Alangizi, ndimafuna ndikatape dothi ku nkhalango ya Kaning'ina pamene pamamera bowa wa ndelema ndi manyame ndidzathire m'gadeni mwanga kuti ndizingozula pakhomo. Zingatheke? Nanga ndi zoona kuti bowa ukadyedwa ndi mphutsi ndiye kuti ulibe poizoni? Mnyamata wa ku Mchengautuwa.

Yankho: Achimwene, wilibala musavutike nayo. Bowa umenewu moyo wake uli pa mizu ya mitengo ya chilengedwe, mombo, tsamba, masuku, umapatsana chakudya ndi mtengowo pansi pa nthaka, ndiye popanda mtengo wamoyo dothi lokhalo silikupatsani kanthu. Utale nawo ndi wa chiswe, umamera pa chulu kapena pomwe pali chisa cha chiswe pansi. Kudalira mitengo kumeneku nchifukwa chake kumene makala adutsa bowa amasowa, amene amazula chaka ndi chaka angakuuzeni kuti ulendo ukutalikira. Komanso Kaning'ina ndi nkhalango yotetezedwa, lamulo la nkhalango la 1997 sililola kukakumba kapena kudula popanda chilolezo cha a Forestry, ndipo madzi a mu mtsinje wa Lunyangwa amene tikumwa mu tauni muno amadalira mitengo yomweyo.

Chimene mungachite ndi kudzala msuku. Njere mufese mukangodya chipatso, sizichedwa kufa zikauma, ndipo m'chubumo muikemo dothi pang'ono la pansi pa msuku wakale wa kumudzi, mbande imakula bwino nalo. Ndi ntchito ya zaka, osati ya Khirisimasi ikubwerayi. Ngati mukufuna bowa wa msanga limani oyisitara, ameneyo amamera pa mapesi ndi zitsononkho zowiritsa m'majumbo, mbewu yake ndi yogula.

Za mphutsizo ndi bodza loopsa. Tizilombo ndi nkhono zimadya bowa woti munthu sangadzuke naye. Kuwiritsa nkutaya madzi sikuchotsa poizoni wa mitundu yoopsitsayo, ndipo ndelema ili ndi abale ake a poizoni ofanana nayo, makamaka ikadali yosatambasuka. Wa pansi pa paini ndi bulugamu, ngati ku Chikangawa, musamayerekeze panokha, wofiira wa madontho oyera uja ndiye osaukhudzitsa poto. Pitani ndi munthu amene wakhala akuzula dera lomwelo, osadalira chithunzi cha pa WhatsApp. Poizoni wa bowa woipitsitsa samveka msanga, munthu amayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba patatha maola 6 kapena kuposa, kenako amaoneka ngati wachira pomwe chiwindi chikuwonongeka. Zikatero onse amene anadya nawo athamangire ku chipatala cha Mzuzu Central olo ena akumva bwino, ndipo mutenge bowa wotsalayo adokotala akauone.