Funsani Azakhali: Ulendo wa m'chipululu wokaona achemwali

FUNSO

Azakhali, ndine mayi wa zaka 58, ndimakhala ku Chibavi konkuno ku Mzuzu. Mwana wanga amene ali ku Joni akuti mu July ndimupeze ku Johannesburg, wapanga hayala galimoto ija amati motorhome, yokhala ndi mabedi, pophikira ndi toileti mkati momo, ndiye tidutse m'chipululu ndi apongozi anga ndi zidzukulu ziwiri mpaka ku Walvis Bay ku Namibia kumene kuli achemwali anga akulu. Tinaonana komaliza pa maliro a mayi athu, zaka 11 zapitazo. Mtima ukufuna koma ndili ndi BP ndipo chipululu ndimangochimva m'Baibulo. Chinanso mwanayo akuti tikafika tizikagona m'galimoto momo pabwalo kuti tisawavutitse, koma ine sizikunditsika, kodi achemwali sakakhumudwa?

Mayi wa ku Chibavi

YANKHO

Amayi, pitani. Zaka 11 ndi zambiri, ndipo m'bale wako sumukhuta pa WhatsApp.

Ndiyambe ndi mantha anuwo. Msewu umene mudzadutse ndi Trans-Kalahari Highway, ndi wa tala njira yonse, mathiraki akuluakulu amayenda mmenemo tsiku ndi tsiku. Mukalowa Botswana cha ku Lobatse mudzadutsa Jwaneng, kenako Kang, mpaka pa boda ya Mamuno, mukatero mwalowa Namibia, Gobabis, Windhoek, kutsetsereka mpaka kunyanja. Ulendo wonse ndi pafupifupi makilomita 1,800, ngati kuchoka Mzuzu kupita ku Lilongwe kasanu, ndiye mwana wanuyo asayerekeze kuthamanga ngati basi ya usiku, awugawe masiku atatu kapena anayi ndipo dzuwa likamapendeka akhale atayimika kale pa malo ogona. Usiku mumsewu umenewo mumadzadza abulu, ng'ombe ndi nyama zakutchire, ndizo zimene zimachititsa ngozi kuposa chipululucho. Akaona filing'i sitesheni athire mafuta ngakhale thanki ili theka, makamaka pa Kang, chifukwa mukadutsa pamenepo mumayenda mtunda wautali osaona sitolo.

Chipululu cha Kalahari chimene mudzadutsecho si mchenga wokhawokha ayi, muli udzu ndi mitengo ya minga. Mchenga weniweni mudzauona m'chipululu cha Namib mukamayandikira tauni ya Swakopmund, kufupi ndi Walvis Bay. Ndipo musanamizidwe ndi mawu oti chipululu nkumalongedza zovala zopyapyala, mu July usiku kumazizira mpaka madzi kuuma, kuposa kuzizira kwathu kwa June kuja koti munthu umawotha mbaula masana. Tengani juzi lanu lalikulu, masokosi, chipewa ndi bulangete. Ku Walvis Bay nako m'mawa kumakuta nkhungu yochokera kunyanja, mudzakumbuka pa Chikangawa.

Za BP, muonane ndi adokotala musananyamuke, mankhwala mutenge okwanira ndi otsalako, akhale m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi buku lanu lakuchipatala. Muzimwa madzi ngakhale mulibe ludzu poti mpweya wa kumeneko ndi wouma, milomo imachita kung'ambika, ndipo pakatha maola awiri muzitsika kuwongola miyendo. Mwanayo aonetsetse kuti kampani ya hayala yamupatsa kalata yololeza galimoto kuwoloka boda, mapasipoti akhale a moyo, zikalata zobadwira za adzukulu zisatsale. Nyama yaiwisi musadzaze mufiriji, pa boda amalanda chifukwa cha matenda a ng'ombe, ndipo chakudya chilichonse chimene mwanyamula muzinena akakufunsani.

Tsopano nkhani imene yandigwira mtima ndi yomalizayo. Mtima wanu sukunama amayi. Mwana wanuyo akuganiza zabwino, wakhala m'tauni momwe nyumba ndi zazing'ono ndipo mlendo amawerengeredwa masiku, koma achemwali anu anakulira kuno. Taganizani, munthu wamva kuti mng'ono wake akubwera, wachapa mashiti, wayanika matiresi padzuwa, mwina wasamutsa ndi mwana kuchipinda, ndiye mukadya nsima muwatsanzike kuti tikukagona panja, nkutseka chitseko cha galimoto iwo ataima pakhonde. Sadzayankhula kanthu koma zidzawapweteka, adzaona ngati mwanyansidwa ndi nyumba yawo, ndipo aneba adzafunsa.

Ine ndikuti inuyo mukagone m'nyumba, ngakhale patakhala pa mphasa m'chipinda mwawo. Nkhani zenizeni za pachibale zimatuluka usiku magetsi atazima, za mayi anu, za munda umene unatsala kumudzi, za amene anatisiya iwo ali kutali osabwera kudzalira. Mwana wanu ndi banja lake akhoza kugona m'galimoto, zimenezo zidzapepuza malo, koma awaimbire mayi ake aakuluwo panopa, apemphe ngati mwana, asakangowadzidzimutsa pofika. Chakudya chonse mudye cha pakhomo, sitovu ya m'galimoto ikhale yozima masiku amenewo. Grosale mukagule ku Swakopmund kapena ku Walvis Bay komweko mukapereke m'manja mwawo.

Musanyamuke chimanjamanja. Pitani mu msika waukulu mukawasankhire chitenje chabwino, ndipo mukapeza mpata mupite kumanda mukajambule chiliza cha mayi anu pa foni, mukawaonetse muli awiri.

Azakhali