Mawu oti federal ndi chitaganya cha agogo anga

Achemwali ena a ku Indiana, ku America, anditumizira imelo, akuti akuwerengera mayeso a unzika ndiye mawu ngati Articles of Confederation, Federalist ndi Bill of Rights akungowazunguza mutu. Achemwali, mwandikumbutsa zanga.

Ine ndinakakamira pa mawu amodzi basi, federal. Agogo anga aamuna mukangotchula chitaganya ankalavula pansi, chija cha Rhodesia ndi Nyasaland cha 1953 mpaka 1963 chomwe azungu anachita kutikakamiza, ndiye ndinakula ndikudziwa kuti federation ndi chinthu chonyansa. Tsiku lina pa mayeso a mkalasi ndinalemba molimba mtima kuti ma Federalist anali anthu a mfumu ya ku Britain, ndinalakwa funso lonse, aphunzitsi anangolemba chizindikiro chofunsa chachikulu ndi bolopeni yofiira, manyazi ake mpaka lero.

Chomwe sindinkadziwa nchoti madera 13 a ku America omwe ankalamulidwa ndi Britain atalengeza ufulu pa 4 July 1776, aliyense ankadziona ngati dziko palokha. Articles of Confederation, mfundo za mgwirizano woyamba wa maderawo zomwe zinayamba kugwira ntchito mu 1781, zinapanga boma lapakati lopanda mano: silikanatha kutolera msonkho, linkachita kupemphetsa ndalama kumaderako ngati mwana wamasiye, pulezidenti ngati amene timamudziwa lero panalibe, ndipo kuti asinthe chilichonse m'malamulowo onse 13 amayenera kuvomera. Mu 1786 alimi a ku Massachusetts omira mu ngongole, ena a iwo asilikali akale ngati Daniel Shays, anayamba kutseka makhothi kuti asawalande minda. Akuluakulu anachita mantha, mu 1787 nkukumana ku Philadelphia kulemba Constitution, malamulo aakulu oyendetsera dziko. Dera la Rhode Island silinatumizeko ndi munthu mmodzi yemwe.

Koma apa mpomwe ine ndimapsa mtima. Madera akuluakulu ankafuna mipando ya kunyumba ya malamulo molingana ndi chiwerengero cha anthu, aang'ono ankafuna mofanana, anagwirizana kuti nyumbazo zikhale ziwiri, ku Senate aliyense awiri awiri, ku House of Representatives potengera anthu. Ndiye akumwera anati akapolo athu muwawerengenso, anthu omwewo omwe ankawagulitsa ngati mbuzi! Anamvana kuti mwa akapolo 5 aziwerenga 3, ndipo kugula akapolo kunja asakuletse chisanafike chaka cha 1808. Kalembera wa 1790 anapeza akapolo pafupifupi 700,000 ndipo panalibe anawafunsa maganizo. Ndiye wina asandiuze kuti agogo anga analakwitsa kwambiri, chitaganya cha ku America nachonso chinali ndi anthu ake okhala pamphasa ena akugawana mipando.

Za mayeso anuwo tsono

Ma Federalist, monga Alexander Hamilton, James Madison ndi John Jay, ankafuna Constitution ndi boma lapakati lamphamvu. Ma Anti-Federalist ngati Patrick Henry ndi George Mason ankaopa kuti achotsa mfumu nkubweretsa ina, ndipo phokoso lawo ndi lomwe linabweretsa Bill of Rights mu 1791, zosintha 10 zoyambirira mu Constitution zoteteza ufulu woyankhula, wopembedza ndi zina. Lowezani zaka izi: 1776, 1781, 1787, 1791. Za akapolo 3 mwa 5 zija muwerenge panokha madzulo mukaweruka kuntchito.